Sayansi ya Folomu 1 ndi Gombe la Nkhotakota

Aliyense amene anadutsa Sitandade 7 mpaka Folomu 2 m'dziko muno akukumbukira mitu yoyamba ya sayansi: kuzungulira kwa madzi, mpweya ndi mphepo, kutentha, magulu a zakudya, ndiponso moyo wa tizilombo kuyambira ku dzira mpaka kukhwima. Mitu imeneyi timaiphunzira m'Chingerezi, timailoweza m'Chingerezi, ndipo ambirife timaisiya m'chipinda cha mayeso pamodzi ndi pepala. Mwana amakula akuganiza kuti nzeru zonsezi zinabadwira ku London, kuno zinangofika pa sitima. Ine kwathu ndi ku gombe la Nkhotakota, tsono ndifuna ndionetse potsata zaka kuti gawo lina la nzeruzo linatoledwa pa nyanja yathu yomweyi, m'manja mwa asodzi ndi amayi ophika, linaoloka nyanja yamchere, kenaka linabwerera litavala jekete mwakuti eni ake sanalizindikirenso.

Tiyambe ndi mphepo, popeza mbiri ya Nkhotakota inayamba ndi mphepo. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840, ndipo chimene chinamukopa ndi doko lotetezedwa ndi mchenga wa Sungu. Zombo zake zinkaoloka kunka tsidya lija zitanyamula minyanga ndi akapolo. Malondawo anali onyansa, palibe angawakometse, koma woyendetsa chombo cha thanga pa nyanja yotere ayenera kudziwa mwera ndi miyezi yake, mpoto, vuma ndi zambwe, ndiponso kuti pa gombe mphepo ya masana imachokera kunyanja, ya usiku imachokera kumtunda. Buku la Folomu 1 limafotokoza chifukwa chake: nthaka imatentha msanga ndi kuzizira msanga kuposa madzi, ndipo mpweya wotentha umakwera, wozizira n'kuthamangira pamalo pake. Amalinyero a Jumbe analibe chiganizo chimenecho, koma ankadziwa ora lokwezera thanga.

Mu 1861 David Livingstone, mbale wake Charles ndi John Kirk anayenda m'bwato kutsata gombe la kuno kumadzulo, ndipo anafika pa Nkhotakota, pamene azungu ankapatchula kuti Kota Kota. Namondwe anawazunza kwambiri mpaka Livingstone anaitcha nyanja ya namondwe. Pa ulendo womwewo anaona chinthu chonga utsi chikufuka pamwamba pa madzi, koma atalowamo anapeza kuti ndi tizilombo touluka tosawerengeka. Anthu a m'mbali mwa nyanja anawauza dzina lake, nkhungu, ndipo anawapatsa chigumu chake kuti alawe. Panapita zaka pafupifupi 70 kuti kachilomboko kalandire dzina la Chilatini, Chaoborus edulis, mu 1930, ndipo liwu lachiwirilo tanthauzo lake ndi "chodyedwa". Ndiye kuti m'dzina la sayansi muli mphika wa agogo athu. Kirk naye anatola nsomba n'kuziumitsa, ndipo Albert Günther wa ku British Museum anazilemba mu 1864. Pakati pake panali chambo ndi mpasa, yomwe ija imakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira.

Ndisakometse zinthu mopyola. Asodzi ankadziwa nyengo ya nkhungu ndi kakoledwe kake, koma za mphutsi zake, zimene zimabisala pansi m'madzi a mdima masana ndi kukwera usiku kukadya, zinadziwika pamene anthu anatsitsa maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kuyang'ana pa makina okuza zinthu. Chimodzimodzi zoti kupyola mamita 250 kunka pansi madzi a nyanja yathu alibe mpweya wa okosijeni, mwakuti m'madzi akuya a nyanja yozama mamita 700 simukhala nsomba. Palibe khoka likadatiuza zimenezo. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa. Dandaulo langa ndi lakuti atameta, tsitsi analitenga, ndipo sanalembe kuti mutu unali wa yani.

Sukulu inafika ku Nkhotakota ndi amishoni a UMCA mu 1894. Chaka chotsatira chinali chowawa. Pa 2 September 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira pamene namondwe anagudubuza bwato lake lathanga, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota komweko. Wansembe Arthur Fraser Sim, amene anayambitsa mishoniyo, anamwalira ndi malungo chaka chomwecho, kutatsala zaka ziwiri kuti Ronald Ross apeze tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Mphepo ndi udzudzu, mitu iwiri ya m'buku la ana lero, inapha aphunzitsi oyamba. Komabe sukulu zimene anasiya sizinkaphunzitsa sayansi. Zinali za kuwerenga, kulemba, masamu ndi katekisimu. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924, boma linatsegula dipatimenti ya maphunziro mu 1926 ndi sukulu ya Jeanes ku Domasi mu 1929, ndipo zimene zinalowa m'kalasi ndi ukhondo ndi ulimi: kumba chimbudzi, sesa pabwalo, lima mizere. Awa ndi malamulo, si mafunso. Mwana wa Mwafirika ankauzidwa chochita, chifukwa chake chinkatsala m'thumba la mzungu. Sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, patapita zaka 46 chiyambire sukulu ku Nkhotakota.

M'zaka zomwezo nyanja inali kuphunzitsa phunziro la kuzungulira kwa madzi poyera, popanda choko. Cha m'ma 1915 madzi anatsika kwambiri, mchenga ndi zomera zinatseka pakamwa pa Shire, ndipo mtsinjewo unaleka kutulutsa madzi a m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20. Nyanja inayamba kukwera chaka ndi chaka, inameza madimba ndi minda ya mpunga ya m'mphepete, mpaka mu 1935 inaboola n'kuyambanso kutsikira ku Zambezi. Mu 1980 inafika pamwamba kuposa kale lonse m'zaka zolembedwa, mamita oposa 6 kuchokera pamene inali mu 1915, ndipo mu 2024 inakweranso n'kulowa m'nyumba za m'mbali mwake. Funso labwino kwa mwana wa Folomu 1 ndi ili: m'zaka 20 zimene Shire anali wotseka, Bua, Dwangwa, Ruhuhu ndi Songwe ankathirabe madzi, nanga bwanji nyanja sinasefukire chaka choyamba chomwe? Yankho lake ndi dzuwa. Madzi oposa magawo 3 mwa magawo 4 amene nyanja imataya amachoka ngati nthunzi, Shire amangotenga chotsala. Ine phunziro limeneli ndinaliphunzira pa chithunzi cha pa bolodi chokhala ndi phiri la chipale chofewa ndi mivi yokhotakhota, nyanja ikuoneka pa zenera. Aphunzitsi athu sanali aulesi. Ankajambula chimene chinali m'buku, ndipo buku ndi limene linkabwera pa mayeso.

Tsono tifike pa zaka zimene Nkhotakota inasanduka chipinda choyeseramo cha ufumu wonse wa Angerezi. Mu 1938 boma la Britain linatumiza Dr B. S. Platt, amene kale anafufuza matenda a beriberi ku Shanghai, kuti adzayeze kadyedwe ka anthu, ndipo anasankha boma la Kota Kota, limene pa nthawiyo linkafika mpaka kumapiri a Ntchisi. Anatenga midzi itatu, wina wa kunyanja, wina wa m'zitunda, wina wa kumapiri. M'gulu lake munali Margaret Read wofufuza chikhalidwe cha anthu, G. A. C. Herklots wa zomera, ndi Jessie Barker wa zakudya. Kwa miyezi yambiri ankalowa m'makomo ndi sikelo, kuyeza ufa usanalowe mumphika, kuyeza ndiwo, kuyeza ana, kuwerenga maola amene mayi amathera pa mtondo. Taganizani, anzanga, kuleza mtima kwa mayi amene mlendo akumuyeza nsima tsiku ndi tsiku, mwina m'mwezi wa njala. Nkhondo itabuka mu 1939 lipoti lalikulu silinasindikizidwe, ndipo mapepala ake anadzatuluka m'buku mu 1992. Koma Platt anasindikiza mu 1945 ndandanda ya mphamvu za zakudya za m'maiko otentha, imene inagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, ndipo Jessie Barker, atakwatiwa n'kukhala Mayi Williamson, anatulutsa Useful Plants of Nyasaland mu 1955, buku limene Yunivesite ya Malawi inasindikizanso mu 1975 ndi dzina la Useful Plants of Malawi. Litsegulani muone. Maina a masamba, kaphikidwe kake, za chidulo, za mfutso, zonsezo ananena ndi amayi a m'midzi, ndipo wolembayo anachita bwino kuzisunga. Dzina la pachikuto ndi limodzi.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi chinangwa. Kwathu nsima ndi kondowole, ndipo chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa sayanaidi, wokwanira kudwalitsa ngakhale kupha. Mayi amachisenda, amachiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, amachifinya, amachiyanika pa dzuwa, kenaka amasinja. Pa masiku oviikawo chinangwa chimasasa, minofu yake imasweka, poizoni amasungunukira m'madzi, wotsala amauluka poyanika. Kusungunuka, kusasa, kuuluka kwa nthunzi: mitu itatu ya Folomu 1 ili mumtsuko umodzi kuseri kwa nyumba. Mtsikana amene waviika chinangwa m'mawa akhoza kulephera funso la kusungunuka masana, chifukwa chitsanzo chimene anapatsidwa ndi shuga mu tiyi, ndipo palibe anamuuza kuti ndi nkhani imodzi.

Kafukufuku wa zakudya uja anabala wa nsomba. Mu 1939 Kate Ricardo Bertram, H. J. H. Borley ndi Ethelwynn Trewavas anayendera madoko, kuphatikizapo Kota Kota, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942. Rosemary Lowe anatsatira kuyambira 1945 mpaka 1947, kufufuza chambo. Chovuta chawo chinali chakuti mitundu ya chambo imafanana kwambiri ikakhala m'botolo la mankhwala, pamene msodzi amaisiyanitsa ndi maso ili pamchenga. Umboni wa thandizo la asodzi uli m'maina momwemo. Trewavas anatcha mtundu wina lidole mu 1941, Lowe anatcha wina saka mu 1953, ndipo onsewa ndi maina a pa doko. Geoffrey Fryer ndi T. D. Iles, amene anagwira ntchito ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, analowetsa mbuna ndi utaka m'mabuku a sayansi, mwakuti lero woweta nsomba m'galasi ku Berlin kapena ku Tokyo amatchula mbuna osadziwa kuti akulankhula Chitonga. Nanga siginala, amene amakopa usipa ndi nyali n'kulamula nthawi yokokera chilimira, ndipo amadziwa kuti mwezi ukawala kwambiri ntchito yake imafooka? Akuchita phunziro la mmene zamoyo zimatsatira kuwala, usiku uliwonse, ndipo akalakwa amagona ndi njala, chimene sichichitikira wolemba mayeso.

Chinatsekereza njira yobwererayo, m'kuona kwanga, makamaka ndi chilankhulo. Kuyambira 1968 ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo Chingerezi chinkatenga malo mu Sitandade 5, nthawi yomwe sayansi yeniyeni imayamba. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambire mu Sitandade 1. Kaya lamulolo likutsatidwa motani m'kalasi, tanthauzo lake kwa mwana ndi limodzi: mwera, nthunzi, kusasa ndi nkhungu ndi mawu a kunyumba, sayansi ili ndi mawu ena. Mwanayo amanyamula matumba awiri osawasakaniza. Enanu aphunzitsi muti sayansi ilibe mudzi, ndipo ndikuvomera kuti madzi amawira chimodzimodzi ku Oxford ndi ku akasupe otentha a ku Mawira, kumene madzi a mvula amatsikira m'ming'alu ya chigwa chachikulu chino n'kubwerako atatenthedwa ndi miyala ya pansi. Koma mwana ali ndi mudzi, ndipo amamva chatsopano pochikoloweka pa chimene akudziwa kale.

Nkhaniyi sithera pa malikisi ayi. Theodor Bilharz anapeza nyongolotsi ya likodzo ku Cairo mu 1851, ndipo Robert Leiper anaonetsa mu 1915 kuti imadutsa mu nkhono za m'madzi isanalowe pakhungu la munthu. Patha zaka zoposa 100, koma m'madambo a mpunga ndi m'mabango a ku Chia ana akudwalabe likodzo, ena mwa iwo atakhoza funso lake pa mayeso. Analoweza dzina la nkhonoyo m'Chingerezi, koma sanaitolepo ndi supuni n'kuiika m'botolo pa dzuwa kuti aone chimene chimatulukamo, ngakhale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha chabe, sikulira labotale. Chimodzimodzi chambo: mwana amene waona nsomba yaikazi ikulavula tiana kuchokera m'kamwa amamvetsa yekha chifukwa chake khoka la maso a neti ya udzudzu limapha nsomba za chaka chamawa. Ntchila, imene inali nsomba yamalonda m'zaka za m'ma 1950, inasowa m'makoka m'zaka za m'ma 1960. Lidole uja Trewavas anamulemba mu 1941 anaikidwa mu 2018 pa mndandanda wa IUCN wa zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, ndipo ofufuza akhala akumufunafuna m'madoko kwa zaka zambiri osamupeza.