Ana pa Wailesi ya Bush Radio

Pa 25 Epulo 1993, anthu a mumzinda wa Cape Town ku South Africa anamva wailesi yachilendo yotchedwa Bush Radio. Eni ake anali atapempha chilolezo ku boma la tsankho koma anakanizidwa, choncho anangoyamba kuulutsa mawu popanda chilolezocho. Sipanapite masiku ambiri, akuluakulu a boma anatulukira nalanda zipangizo zawo. Wailesiyo inakhala chete kufikira mu 1995, pamene inapatsidwa chilolezo ulamuliro utasintha.

Mwina n'chifukwa cha kuwawa kwa kutsekedwa pakamwa kuja kuti wailesiyi, itakhazikika, inatsegula khomo kwa ana ndi achinyamata kudzera m'maphunziro otchedwa CREW. Iwowa sankaitanidwa kudzangolakatula zolembedwa ndi akulu ayi. Ankaphunzira kugwira maikolofoni, kufunsa mafunso, kujambula mawu ndi kuwakonza. Makompyuta atafala, ntchito yodula ndi kulumikiza mawu inkachitikira pamenepo, ndipo inapepuka kwambiri. Tsiku Loweruka anawo ankaulutsa okha mapologalamu awo, makolo awo akumvera kunyumba.