Madooko a pa Gombe la Salima: Zimene Tingaonetse Mlendo

Abale athu amene adayenda ku maiko akutali kukagwira nchito, pobwera amasimba za midzi yaikuru ya m'mbali mwa nyanja ya mcere, monga Beira, Durban ndi Cape Town. Amatiuza za zombo zazitali ngati nyumba zosanja, za makina okweza katundu, ndi za nsanja za nyali zolangiza amalinyero usiku. Pakumva izi ena a ife amapeputsa kwao, namati, Kuno ku Salima tiribe kanthu koonetsa mlendo, koma mcenga ndi usipa basi. Mau amenewa sali oona. Mudzi waukuru wa dooko tiribe, inde. Koma gombe lathu lakhala khomo la dziko lino zaka mazana angapo, ndipo mbadwo uli wonse udatsegula khomolo pa malo ena, nusiyapo zizindikiro zace. Mlendo akatifikira, timyendetse m'malo amenewa motsata mibadwo yao.

Tiyambe naye kumwera, ku cigwa ca Mtakataka, kufupi ndi malire a Salima ndi Dedza. Kumeneko kudali Mankhamba, mudzi wa Kalonga, mfumu yaikuru ya Amaravi. Dr. Yusuf Juwayeyi, mwana wa dziko lino wodziwa kufukula zakale, adakumba pamalopo, napeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale zoumbidwa ku China, mkuwa, ndi minyanga ya njobvu yambiri. Mbale yotere idaoloka nyanja ya mcere m'combo, nitsika pa dooko lina la kum'mawa kwa Afrika, ndipo anthu adaisenza pamutu ulendo wa milungu yambiri kufikira kuno, kudzasinthana ndi minyanga. Cotero malonda a maiko akutali adafika pa gombe lino Angerezi asanaone nyanjayi. Pafupi pomwepo pali Misyoni ya Mua, imene Ansembe Oyera adayamba mu 1902. M'nyumba yao yosungiramo zakale mlendo adzaona miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao, anthu amene adakumana pa gombe limeneli.

Pocoka kumeneko tipite naye kumpoto, ku Senga Bay ndi ku Rifu. Tsiku lopanda nkhungu, munthu ataima pa mcenga aona mapiri a tsidya lija, dziko la mfumu Makanjira wa kum'mawa. Pamenepa nyanja yacepa m'mimba, ndipo cifukwa ca ici padali pooloka pa malonda oipa. Kuyambira zaka za m'ma 1840 Jumbe, Mswahili wa ku Nkhotakota, adali kuolotsa minyanga ndi akapolo m'zombo za matanga, ndipo pambuyo pace mafumu ena a Ayao adacita comweco kumwera kuno. Anthu ogwidwa ku midzi ya kumtunda adafika pa gombe ali m'magoli, naolotsedwa, nayenda pansi kufikira ku Kilwa ku nyanja ya mcere. Ambiri adafera m'njira. Dr. David Livingstone, amene adafika pa nyanjayi mu 1859, adabweranso mu 1861 nayenda m'bwato motsata gombe lino pamodzi ndi mbale wace Charles ndi Dr. John Kirk, naona zotsala za malondawo ndi maso ace. Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891, padauka nkhondo ndi Makanjira, ndipo Captain Maguire adaphedwa m'Disembala caka comweco. Patapita zaka zowerengeka zombo za akapolo zidaleka kuoloka. Sitinena izi kuti titonze mtundu wina, pakuti ogula ndi ogulitsa adali a mitundu yambiri, ndipo lero zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa zikoka khoka limodzi. Koma mlendo wosamba m'madzi amenewa adziwe kuti pa mcenga umenewu padagwa misozi.

Tisanacoke pa Senga Bay, timlozere mlendo mapiri a Cape Maclear, a kumwera ca kum'mawa. Kumeneko kudakocezedwa sitima yoyamba ya moto pa nyanja yathu, dzina lace Ilala, imene idalowa m'nyanja pa 12 Okotobala 1875, ndi E. D. Young ndi Dr. Robert Laws a Misyoni ya Livingstonia. Sitimayo idakwera Zambezi ndi Shire kucokera ku nyanja ya mcere. Pofika pa mathithi adaiphwasula, ndipo amuna mazana ambiri adasenza zitsulo zace pamutu kufikira pamene madzi ayendanso bwino. Njira imeneyi ya mitsinje ndiyo idadzutsa dooko la Domira Bay, kumpoto kwa Salima. Mu 1889 Mbusa A. C. Murray ndi Mbusa T. C. B. Vlok adayamba Misyoni ya Mvera m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo katundu wao ndi makalata ao adali kutsikira pa Domira Bay. Katundu wa Mandala ndi wa Boma nayenso adatsikira pomwepo, nakwera mapiri pamitu ya amtengatenga kunka ku Dowa, ku Lilongwe, ngakhale ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Chipata. Ambiri a ife tiri zidzukulu za amtengatengawo. Lero sitima siziimanso pa Domira Bay, ndipo amene adalanda malo ace ndiye njanje.

Cifukwa cace tibwerere naye mlendo kumwera kwa Salima, ku Chipoka, kumene njanje ikhudzana ndi nyanja. Njanje idafika ku dziko lino pang'ono pang'ono. Mu 1908 idalumikiza Blantyre ndi Port Herald, ndiye Nsanje; mu 1915 idafika ku Chindio pa Zambezi; mu 1922 ina idacokera ku Beira nifika tsidya lina la mtsinjewo. Pakati padatsala madzi, ndipo anthu ndi katundu adali kuoloka pa zombo. Mu 1935 adatsiriza ulalo wa pakati pa Sena ndi Dona Ana, wotalika kuposa mailosi 2, ndipo caka comweco njanje ya kumpoto idadzera pa Chipoka nifika ku Salima. Kuyambira pamenepo thumba lokwezedwa pa Salima lidatha kufika ku zombo za ku Beira osaoloka pa bwato. Thonje la kugombe, mtedza, ndi fodya wa ku Lilongwe wodza pa magalimoto zidasonkhana pano, masitolo namangidwa pozinga sitesheni. Mudzi wa Salima, umene uli patali ndithu ndi madzi, udakula cifukwa ca njanje.

Pa Chipoka katundu wotsika m'sitima ya pamtunda adali kulowa m'sitima ya pamadzi kunka kumpoto. Ulendowo udali ndi zoopsya zace: pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira m'namondwe kufupi ndi Florence Bay, nafa anthu 145. M'malo mwace mudadza Ilala yaciwiri, yopangidwa ku Scotland, yolumikizidwa ku Monkey Bay, imene idayamba nchito mu 1951; zaka zambiri idali kuima pa Chipoka kutenga a ulendo wa ku Nkhotakota, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Koma khomo lidasunthanso. Mu 1970 njanje ina idatsegulidwa yonka ku dooko la Nacala; mu 1979 njanje idapitirira Salima nifika ku Lilongwe, ndipo Salima sadakhalenso mathero a njira. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idadula njira za ku Beira ndi ku Nacala zonse ziwiri, ulalo wa Zambezi nuonongeka. Katundu adasamukira ku magalimoto a pa mseu wa phula, ndipo phokoso la pa Chipoka lidacepa. Mlendo aone mlatho wokocezapo sitima ndi zitsulo za njanje zofika m'mbali mwa madzi, ndipo timuuze za masiku amene katundu wa dera lonse la kumpoto adali kudzera pamenepo.

Potsiriza timuonetse zisumbu. Pandunji pa Senga Bay pali Namalenje, ca miyala ndi mbalame. Kumwera kuli zisumbu za Maleri, zimene ziri m'nkhalango ya Boma yosungira za m'nyanja, yokhazikitsidwa mu 1980, imene bungwe la UNESCO lidailemba mu 1984 pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi, cifukwa ca mbuna, tinsomba ta mawanga okongola tosapezeka m'nyanja yina. Kumpoto kuli Mbenje. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amatseka cisumbuco m'Disembala, nacitsegula m'Epulo, kuti nsomba ziswane. Mowa ndi juga nzoletsedwa pamenepo. Lamulo limeneli adaliika eni dziko okha, naligwira mibadwo itatu, ndipo anthu ophunzira za nsomba amadza kudzafunsa nzeru yace.

Tikalingalira malo onsewa tiona cinthu cimodzi. Rifu, Domira Bay ndi Chipoka adatukuka cifukwa ca phindu la anthu a kwina, ndipo phindu litapeza njira yina, malowo adatsala cete. Mbenje, amene eni ace adamsunga okha, akali kudyetsa anthu. Lero gombe lathu likopa alendo a mahotela, ndipo tiwalandire bwino, pakuti abwera ndi nchito ya ana athu. Koma akuru adati mlendo ndi mame. Mudzi wogulitsa gombe lace lonse, wosasiya poyanika khoka kapena potunga madzi amai, udzasowa pogwira tsiku limene khomo lidzasunthanso. Cifukwa cace tisunge madooko a asodzi, tisafafanize zizindikiro zakale, ndipo tifunse nkhalamba zimene zidakwera Ilala pa Chipoka zikali ndi moyo, tilembe mau ao, kuti ana athu akhale naco cakuonetsa mlendo ndi cakumuuza.