Kuchokera pa waya wa Rhodes kufika pachulu cha kwathu ku Bembeke

Kuseri kwa nyumba yathu ku Bembeke kuli chulu chomwe ana a m'banja mwathu tinkachitcha "ofesi". Foni yoyamba italowa pakhomo pathu, ine ndili ndi zaka pafupifupi khumi, netiweki inkagwira bwino pamwamba pa chulucho basi. Nthawi yokumba kachewere ikafika, amayi ankandituma: "Iwe, takwera apo uwafulashe amalume ako atiuze mtengo wa thumba ku Lilongwe." Ndinkaima pamenepo m'chifunga cha mu Juni, dzanja lili m'mwamba, mano akugundana, kudikira kuti amalume ayimbe. Akachedwa, venda ankafika ndi lole yake n'kutchula mtengo womwe waukonda, ife n'kuvomera.

Ndakumbuka chuluchi chifukwa masiku ano paliponse pakumveka za "smart city", mzinda womwe magetsi a mumsewu, mamita a madzi ndi magalimoto otola zinyalala amatumizirana mauthenga popanda waya, n'cholinga choti madzi ndi magetsi zisamawonongeke. Nkhani yabwino ndithu. Koma tisanathamangire kumeneko, tiyeni tione kaye momwe uthenga wakhala ukufikira kuno kumapiri. Mbiriyi ili ndi kachizolowezi kake.

Tiyambe ndi waya. Mu 1892, Cecil Rhodes anakhazikitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph, maloto ake ali oti waya wa telegalafu uchoke ku Cape mpaka ku Cairo. Wayawo unadzera ku Tete, Blantyre ndi Zomba, n'kutsata m'mbali mwa nyanja kudzera ku Nkhotakota mpaka ku Karonga. Ku Cairo sunafike, unakathera ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Amene ananyamula mitengo yachitsulo ndi mikukutu ya waya pamutu anali makolo athu, amtengatenga. Amene ankatumizirana mauthenga anali abwanamkubwa, asilikali ndi amalonda. Bembeke, pamwamba pa mapiri, anangolambalalidwa. Ngakhale ansembe a White Fathers, omwe anatsegula mishoni ya Mua mu 1902 kenaka n'kukwera kudzakhazikika kuno, ankadalira munthu woyenda pansi kuti kalata itsike kapena kukwera phiri. Netiweki ya nthawi imeneyo inali miyendo ya munthu.

Kenaka kunabwera mawu opanda waya. Liwu lathu loti "wayilesi" linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza zimenezo, chinthu chopanda waya. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka inkaulutsira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo za anthu akuda, Chinyanja chili momwemo. Vuto linali loti anthuwo analibe pomvera. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa kawayilesi kotchipa ka batire, kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, pa mtengo wa mapaundi 5. Boma la atsamunda linkafuna kuti anthu azimva zomwe ilo likufuna. Anthu anakonda nyimbo za Alick Nkhata ndi moni wochokera kwa abale omwe anapita kukagwira ntchito kunja. MBC itayamba mu 1964, agogo anga aakazi ankati pulogalamu yofunika kuposa zonse inali ya mauthenga a maliro. Munthu akamwalira ku Blantyre, mudzi unkamva usiku womwewo, osadikira kalata ya sabata ziwiri.

Mwaona kachizolowezi kaja? Chida chimabwera ndi zolinga za eni ake, chimayambira kutauni, ndipo akumudzi chikawafika amachipezera ntchito yawoyawo.

Foni za m'manja zinayenda njira yomweyo. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo zaka zoyambirira foni inali ya mabwana a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu 1998 kunabwera lamulo lomwe linabala MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga. Mu 1999 kunalowa Celtel, yomwe inasanduka Zain mu 2008 kenaka Airtel mu 2010. Mpikisano ndi womwe unakankhira nsanja za netiweki kumidzi. Ife tinazilandira mwa njira yathu: kufulasha m'malo moimba, kubwerekana foni mudzi wonse, kulipira pagolosale kuti akutchajire. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ndalama yomwe kale inkayenda mu envulopu ndi kondakitala wa basi inayamba kufika m'kamphindi. Amayi anasiya kundituma pachulu. Lero amaimba okha kwa anthu atatu kapena anayi asanamuyankhe venda, ndipo venda naye amadziwa kuti akulankhula ndi munthu wodziwa mtengo.

Kuno kuli kanthu kenanso komwe a m'tauni sakadziwa. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire ndi Mozambique. Tsiku lina ndikugula kabichi pa Lizulu, foni yanga inalandira uthenga wa Chipwitikizi wondilandira m'dziko lomwe sindinalowemo. Mafunde a netiweki sadziwa malire omwe azungu anajambula. Amadziwa phiri, chigwa ndi mtunda wochokera pansanja. N'chifukwa chake kumapiri kuno munthu ungakhale ndi timizere tonse pakhomo, ukangotsikira kudimba foni n'kufa.

Tsono tibwerere ku "smart city" ija. Mawu omwe amatsagana nawo ndi oti ikhale yokhalitsa, yosaononga chilengedwe. Apa mbiri yaposachedwa ikutiphunzitsa zinthu ziwiri.

Choyamba, nsanja imadya magetsi. Mu Januwale 2022, namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tonse tikukumbuka: magetsi akazima, nsanja zinkadalira majenereta a dizilo ndi mabatire, ndipo izi zikatha, netiweki inkapita. Chaka chomwecho, kumunsi kwa mapiri athuwa, ku Golomoti m'boma lomwe lino la Dedza, kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Kwa ine, tsogolo la netiweki lili pamenepo kuposa pa dzina la 5G. Nsanja yopanda magetsi odalirika ndi chitsulo chabe chomwe akhwangwala amaterapo.

Chachiwiri, nzeru zofikitsa intaneti kumapiri sizichita kuchokera kunja kokha. Mu 2013, akatswiri a ku Chancellor College mogwirizana ndi MACRA anayesa ku Zomba njira yotumiza intaneti kudzera m'mafunde a kanema omwe sakugwiritsidwa ntchito. Mafunde amenewa amayenda mtunda wautali ndipo mitengo siwatchinga msanga. Analumikiza nawo sukulu ndi chipatala. Malo ngati Bembeke, okhala ndi mishoni, koleji ya aphunzitsi, chipatala ndi msika pafupipafupi, ndi oyenera nzeru zotere. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, ndipo phiri siliitchinga poti imachokera kumwamba, koma mtengo wa zida zake si wa mlimi mmodzi. Mwina wa sukulu, kapena wa kalabu ya alimi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, 84 amakhala kumudzi. Lilongwe imadya kachewere, kabichi ndi tomato wochokera kuno. Mzinda ungakhale ndi magetsi a mumsewu odziyatsa okha, koma ngati mlimi amene akuudyetsa sangamve za chiwawu cha mbatata chisanamalize munda, kapena bandulo ikumuthera asanatsegule uthenga wa zanyengo, nzeru za mzindawo zathera pa Bunda Turn-off. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Tauni ndi mudzi zili pansi pa denga limodzi la netiweki, tifune tisafune.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi. Chulu chija chilipobe, chamera nsenjere. Mng'ono wanga wa Fomu 3 anali atakhala pamwamba pake, atafunda chitenje cha amayi, akudawuniloda mapepala akale a mayeso. Kuimba kumatheka m'nyumba tsopano, koma intaneti yothamanga imagwirabe pa ofesi pomwe paja. Ndinamufunsa ngati sakumva kuzizira. Anangoti, "Achimwene, dikirani kaye, yatsala pang'ono kumaliza."