Tsiku la Radium Tilikumbukire pa Chinyunyu

Pa 26 Disembala ambirife timakhala tikumaliza mpunga ndi nkhuku zotsala pa Khirisimasi, za sayansi zili kutali. Komatu linali tsiku lomweli, mu 1898, pamene Marie Curie, amuna awo a Pierre ndi mnzawo Gustave Bémont anauza akatswiri anzawo ku Paris kuti m'mwala wa pitchblende apezamo chinthu chatsopano, nachitcha radium. Kuno ku Zambia, malo oyenera kukumbukirirapo tsikuli ine ndimati ndi pa kasupe wa madzi otentha wa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, m'mbali mwa msewu wa Great East, makilomita oposa 80 kuchokera ku Lusaka.

Amene anafikapo m'mamawa akudziwa: nthunzi ili tolotolo pamwamba pa udzu, ndipo pamene madziwo akutumphukira sungaviike dzanja n'kulisiya momwemo. Chakumunsi, kumene azizirako, amayi amachapa, ana amasamba, ena amatungira m'zigubu poti amati ndi mankhwala. Phiri lophulika moto palibepo. Ndi madzi a mvula amene amatsika pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya thanthwe, n'kukatenthedwa kumeneko, kenaka n'kukwera msanga asanapole. Nanga thanthwelo moto limautenga kuti?

Yankho linayamba kuoneka mu 1903, Pierre Curie ndi Albert Laborde ataona kuti radium imakhala yofunda yokha usana ndi usiku, popanda woisonkhezera. Galamu imodzi inkatulutsa kutentha kokwanira kusungunula ayezi wolemera kuposa iyo mwini pa ola limodzi. Lero tikudziwa kuti uranium, thorium ndi potassium-40, zimene zinamwazika pang'onopang'ono m'miyala, zimachita zomwezo, ndipo pafupifupi theka la kutentha kotuluka m'kati mwa dziko gwero lake ndi limeneli. Mu 1904 awiriwa anapitanso kukayeza mpweya wa m'akasupe otentha a kwawo ku France, napeza kuti ena amatulutsa mpweya uja timautcha radon masiku ano, umene umabadwa radium ikamasweka.

Kuswekako n'kumene kunatipatsa wotchi. Maisotopu ali ngati ana a mimba imodzi osiyana kulemera: dzina n'limodzi, koma ena sakhazikika, amasweka pa liwiro limene chilala kapena moto sizingasinthe. Radium-226 imatha ndi theka pa zaka 1,600. Radon-222 sichedwa, masiku 3.8 basi. Tritium imatenga zaka 12.3, carbon-14 zaka 5,730. Munthu wodziwa akatunga botolo la madzi pa kasupe n'kuyeza zimenezi, amatha kunena ngati madziwo ndi a mvula ya zaka zaposachedwa kapena anagwa makolo athu asanafike kuno. Wokumba mijigo nkhani imeneyi imam'khudza, chifukwa madzi akalekale ukawapopa mopyola muyeso sabwerera msanga. Wotchi yomweyi, poyeza uranium, ndi imene mu 2020 inasonyeza kuti chibade cha munthu wakale chimene anachifukula mumgodi wa ku Kabwe mu 1921 chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Chibadecho mpaka pano chikadali ku London, koma umenewo ndi mlandu wa tsiku lina.

Chikumbutsochi chili ndi maliro ake. Zitamveka kuti m'akasupe ena muli radon, amalonda a ku Ulaya ndi ku America anati basi, chinsinsi cha madzi ochiritsa chapezeka, nayamba kugulitsa madzi othira radium. Eben Byers, mpondamatiki wa ku America, anamwa mabotolo ambirimbiri a madzi otere, otchedwa Radithor, mpaka nsagwada zinawola, namwalira mu 1932. Marie Curie mwini wake, amene analandira mphotho ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi 1911, anamwalira pa 4 Julaye 1934 ndi matenda a magazi amene madokotala anati anadza chifukwa cha cheza cha zinthu ngati radium chimene anakhala nacho zaka zambiri. N'chifukwa chake ine wina akanditamandira madzi kuti amachiza chilichonse, ndimayamba ndafunsa kuti anawayeza ndani.

Cheza chomwecho, chikayezedwa bwino, chimapha khansa. Odwala ochokera ku Rufunsa, Nyimba ndi Petauke amadutsa pa Chinyunyu popita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 chili ndi makina a cobalt-60 mwa zida zake. Msewu womwewo umadutsa pa chipata cha University of Zambia. Ndikanakonda kuti pa 26 Disembala ophunzira a kemisitile a kumeneko azikwera basi ndi mabotolo awo, atunge madzi pa kasupe ana a sukulu a m'deralo akuonerera, ndipo zimene apeze adzabwere nazo kudzauza eni mudzi m'chinenero chawo.