Mbuzi za pa Mponela ndi mbiri ya majumbo

Mwezi wathawu mmodzi mwa ana anga akale, yemwe pano ali ndi chiwaya cha tchipisi pa Mponela, anafika kunyumba atanyamula envelopu ya khaki. Iye ndi anzake akhazikitsa kagulu kotola majumbo pamsika, ndiye amafuna ndiwathandize kulemba kalata yopempha ndalama kumabungwe. Ndinamufunsa ngati akudziwa kumene nkhani ya majumboyi inachokera. Anangoseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ifetu tinabadwa majumbo alipo kale." Zoona ndithu. Koma ine ndinawaona akubwera, ndipo poti ntchito yanga ndi History, ndati ndilembe zomwe ndinamuuza tsiku limenelo.

Ndili mwana kumapiri a Ntchisi, mayi ankapita kumsika ndi dengu. Mchere ndi usipa ankatikulungira m'nyuzipepala yakale kapena m'pepala la kope lomwe mwini wake anamaliza nalo mayeso. Nyama ankaimanga ndi luzi, palafini tinkatengera m'botolo. Jumbo ya ku PTC inali chuma: amene wabwera nayo kuchokera ku Lilongwe ankaichapa n'kuisunga, ndipo ana tinkalimbirana kuti tiikemo makope nthawi ya dzinja. Ikang'ambika inkathera ku mpira wachikulunga. Palibe ankaitaya.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasuka ndipo mavenda atadzaza m'mbali mwa msewu wa M1, pa Lumbadzi, pa Mponela, pa Madisi. Kunabwera timajumbo topyapyala ta buluu ndi takuda, timachubu ta mafuta ophikira, mafirizesi, ndi ufa wa walkman. Apa ndiyenera kunena chilungamo. Kapulasitiki kopyapyala kanakondedwa chifukwa kanamuthandiza munthu wosauka kugula zinthu pang'onopang'ono, mafuta a tsiku limodzi, shuga wa tiyi mmodzi. Amene amanyoza anthu akumudzi kuti ndi auve amaiwala zimenezi. Vuto ndi lakuti kajumbo kamagwira ntchito mphindi khumi, koma m'munda kamakhala zaka zambirimbiri osawola.

Maiko ena anatitsogolera. Bangladesh inaletsa majumbo opyapyala mu 2002, Rwanda mu 2008. Kwathu kuno boma linakhazikitsa lamulo mu 2015 loletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamayikironi 60. A Physics andikhululukire, koma kwa ife a History: mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000, chigawo chimodzicho ndiye mayikironi. Lamulolo silinapite patali. Mu 2016 makampani opanga mapulasitiki anakatenga chiletso kukhothi ponena kuti bizinesi yawo ifa ndipo anthu achotsedwa ntchito. Mlandu unagona.

Apa m'pamene boma lathu la Dowa likulowa m'mbiriyi, ndipo likulowa kudzera m'mimba mwa mbuzi. Kafukufuku wina yemwe anachitika pa Mponela anapeza kuti ziweto 40 mwa 100 zilizonse zomwe zinkaphedwa zinali ndi mapulasitiki m'mimba. Chiwerengero chimenechi chinayenda dziko lonse lapansi, m'manyuzipepala ndi pa intaneti, koma kwa ogulitsa kanyenya pa Mponela sinali nkhani yachilendo. Mbuzi imanunkhiza mchere ndi mafuta pa jumbo ya tchipisi n'kuimeza. Jumboyo sigayika, imakulungana ndi inzake m'chifu mpaka mbuziyo imaoneka yokhuta koma ikuwonda, kenako n'kufa. Kwa mlimi wa kuno mbuzi ndi fizi ya mwana, ndi thumba la feteleza, ndi ndalama ya kuchipatala. Lipoti la mu 2019 lomwe bungwe la Lilongwe Wildlife Trust linatenga nawo mbali linati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo 80 peresenti yake ndi yogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Mayi wina wachitsikana, Gloria Majiga-Kamoto, yemwe ankagwira ntchito ku bungwe la CEPA ku Blantyre, anaona alimi akutaya mbuzi mwa njira yomweyi. Iye ndi anzake anasonkhanitsa mabungwe, atolankhani ndi achinyamata, anayenda m'misewu, anakakamiza kuti mlandu uja umvedwe. Pa 31 July 2019 khothi la Supreme linagamula kuti lamulo la 2015 ligwire ntchito. Mu 2021 mayiyu analandira mphoto ya Goldman, yomwe imaperekedwa ku America kwa anthu oteteza chilengedwe. Ndimakonda kuwauza ana a Fomu 4 kuti nthawi imene ankachita zonsezi anali asanakwanitse zaka 30.

Mukadaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi ndithu. Mu 2021 kampani ina inakatenganso chiletso, chomwe chinakhala mpaka 2024. Chitangochoka, makampani ena anatenga chawo. Khothi Lalikulu ku Lilongwe linachotsa chimenecho kumapeto kwa January 2025, ndipo bungwe la boma loona zachilengedwe la MEPA linalengeza kuti liyamba kugwira ophwanya lamulo mu February chaka chomwecho. Zaka khumi! Mwana amene anali Sitandade 3 pomwe lamulo linkalembedwa anali atalemba kale MSCE pomwe linkayamba kuluma. Ngakhale kunjaku zinthu sizikuyenda: maiko anagwirizana ku Nairobi mu 2022 kuti alembe pangano la dziko lonse lokhudza mapulasitiki, koma misonkhano ya ku Busan mu 2024 ndi ku Geneva mu 2025 inatha popanda chogwirika.

Tsono tibwere ku envelopu ya khaki ija, nkhani ya ndalama.

Ife akale timakumbukira Youth Week ya nthawi ya Kamuzu. Sabata yathunthu tinkalambula misewu, kuumba njerwa, kukonza milatho, popanda tambala. Ena amailakalaka mpaka lero, koma tisanamizane, kunalibe kukana, ndipo a Payoniya anali pafupi. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, ntchito yotereyi anthu anayamba kuitcha thangata, ndipo tinalowa nyengo ina, yoti munthu sanyamula tsache popanda alawansi. Boma linayesa njira ya ngongole. Mu 2010, nthawi ya Bingu wa Mutharika, kunabwera thumba la achinyamata la YEDEF, lomwe pambuyo pake linaphatikizidwa ndi MARDEF kukhala MEDF, ndipo mu 2020 dzina linasintha kukhala NEEF. Chaka chomwecho, mu November, Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse.

Maganizo anga ndi akuti njira zonsezi zimaphonya pamalo amodzi. Ngongole imafuna bizinesi yobweza ndalama msanga, pomwe kutola majumbo si bizinesi yotero. Jumbo yopyapyala ilibe kulemera. Mutha kudzaza ngolo yonse, mukaika pa sikelo n'kupeza makilogalamu ochepa chabe, ndipo ogula zinyalala za pulasitiki amagula pa kilogalamu, komanso amakonda zolimba monga mabeseni ndi zigubu zosweka. Ambiri mwa ogulawo ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuchoka pa Mponela kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 60, nanga wa ku Malomo kapena pa Ntchisi Boma atani? Phindu lonse limathera pa thiransipoti. Kusesa kwa tsiku limodzi nakonso kumangosuntha zinyalala, kuchoka pamsika kupita kudzala, komwe amazitentha utsi n'kulowa m'makalasi mwathu.

Za mabungwe ndili ndi chipsera changa. Zaka zingapo zapitazo ndinali patironi wa kalabu ya Wildlife pasukulu ina. Bungwe lina, dzina ndisunge, linatipatsa thandizo la miyezi isanu ndi umodzi. Tinalandira matisheti okongola, ine ndinapita kuwekishopu kunyanja komwe ndinadya chambo masiku atatu (sindikukana, chinali chokoma), anabwera ndi galimoto kudzajambula ana atanyamula matumba. Miyezi itatha, wilibala yathu imodzi inathyoka tayala ndipo panalibe ndalama yokonzera. Matumba a majumbo omwe ana anatola anakhala kuseri kwa labu mpaka mlonda anawatentha. Ana aja anaphunzirapo kanthu, koma si zomwe tinkafuna kuti aphunzire.

Chinanso, opereka ndalama akamati mizinda amaganiza za Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Koma Mponela akukula tsiku ndi tsiku, ndipo pa Dzaleka, pomwe panali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu ndipo panasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994, pofika 2023 panali anthu oposa 50,000. Umenewo ndi mzinda, ungosowa dzina ndi galimoto yotola zinyalala.

Kalata ija tinalemba usiku womwewo, magetsi atazima, tikuunikira ndi foni. Ndinawauza achotsemo matisheti ndi mwambo wotsegulira. Tinapempha mawilibala, magolovesi, sikelo, lendi ya kachipinda kosungiramo katundu kwa zaka ziwiri, ndi ndalama ya lole yopita ku Lilongwe kamodzi pa miyezi itatu. Tinalembanso kuti azitola ndi mapulasitiki olimba omwe, kuti alipirire opyapyalawo. Mnyamatayo anawonjezera mfundo yomwe ine sindinaiganize: akufuna kupempha opha mbuzi pamsika kuti azilemba m'kope mbuzi iliyonse yomwe aipeza ndi jumbo m'mimba, kuti pakatha chaka aone ngati 40 uja watsika. Ndinamufunsanso kuti tchipisi chake amakulungira chiyani. Anayang'ana pansi, kenako anati wayamba kugula mapepala a khaki, ngakhale akumudyera phindu.

Yankho la kalatayo silinabwere mpaka lero. Iwo akukumanabe Loweruka lililonse m'mawa kuseri kwa msika, ndipo pakali pano akubwereka wilibala yanga.