Mitengo ya Pakhomo ndi Kumene Inacokera

Aphunzitsi anzathu, ife tonse tiyenda tsiku ndi tsiku pa makomo a anthu, ponka kusukulu kapena kukazonda odwala, ndipo tiona mitengo yao osafunsa mbiri yace. Koma mitengoyi yambiri ndiyo alendo m'dziko muno, ndipo maina ace aulula njira imene inadzera.

Oyamba kutitengera alendowa ndiwo amalonda a kunyanja ya mcere. Mango kwao ndi ku India. Papaya, gwafa, nanazi, mbatata ndi cinangwa zinacokera ku America m'zombo za Apwitikizi, amene anakhazikika pa Sena ndi pa Tete m'zaka za m'ma 1530. Cifukwa cace mau akuti mbatata, nanazi ndi lalanje amveka monga batata, ananás ndi laranja m'cinenero cao.

Pambuyo pace anadza a mishoni. M'caka ca 1878 Jonathan Duncan, wosamala munda wa mishoni ya Blantyre, anatenga mbande zitatu za khofi ku Edinburgh. Ziwiri zinafa, koma yacitatuyo inabala mbeu zambiri. Bulugamu, amene atipatsa mapaso ndi nkhuni, kwao ndi ku Australia, ndipo dzina lace ndi Cingerezi copindidwa ndi lilime lathu. Zoonadi akuru sananame ponena kuti mlendo adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumo kaceka ndi mwini yemwe. Lantana, wa ku America, anabzalidwa monga mpanda wa maluwa okoma m'maso; mbalame zinamwaza njere zace, ndipo iye analowa m'mabusa, natsamwitsa msipu, nadwalitsa ng'ombe zakudya masamba ace.

Coipa cina cacikuru ndi ici, cakuti eni dziko aiwalika. Nkhadze imene makolo anachinga nayo midzi, kacere wa pabwalo la milandu, msuku ndi mpoza, ana ambiri apitapo osadziwa nchito zace, ngakhale maina ace omwe. Dzina likatayika, nzeru yonse ya mtengowo ipita nalo pamodzi.

Tsono tipempha mphunzitsi ali yense kuti aturuke nao ana ace tsiku limodzi pa mwezi, aime pa khomo liri lonse, nalembe m'kabuku dzina la mtengo, nchito yace, ndi amene anaubzala. Cimene ana sacidziwa akafunse agogo ao akali moyo.