Matenda a OCD ndi Zizindikiro Zake

OCD ndi matenda a maganizo amene amachititsa munthu kuzunzika ndi maganizo obwerabwera amene iye sakuwafuna, kenako n'kumva kuti akukakamizika kubwereza zochita zina kuti mantha amene maganizowo abweretsa achepe. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti obsessive compulsive disorder. Akatswiri amawerengera kuti pa anthu 100 alionse, awiri kapena atatu amadwala matendawa nthawi ina pa moyo wawo, ndipo amagwira anthu a mitundu yonse, amuna ndi akazi omwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika pa nambala 6B20 m'ndandanda wake wa matenda wotchedwa ICD-11, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2022.

Mbali ziwiri za matendawa

Mbali yoyamba ndi maganizo, zithunzi za m'mutu kapena zilakolako zimene zimangotulukira zokha ndipo zimamunyansa kapena kumuopsa mwini wakeyo. Mayi wokonda mwana wake angamangoona m'maganizo akumulasa ndi mpeni. Munthu wopemphera kwambiri angamangomva mawu onyoza Mulungu akubwera m'mutu mwake ali m'kachisi. Wina sakhulupirira kuti wakhomadi chitseko ngakhale kiyi ali naye m'manja.

Maganizo otere si a odwala okha. Mu 1978, akatswiri awiri, Stanley Rachman ndi Padmal de Silva, anapeza kuti anthu ambiri abwinobwino amakhala nawonso maganizo achilendo ofanana ndi amenewa. Kusiyana n'kwakuti munthu wosadwala amangowanyalanyaza n'kupitiriza zake, pamene wodwala OCD amawatenga ngati umboni wakuti iye ndi woipa kapena kuti tsoka lili pafupi ndipo ndi iye amene ayenera kuliletsa.

Mbali yachiwiri ndi miyambo, kutanthauza zimene wodwalayo amachita kuti mtima ukhale pansi: kusamba, kubwerera kukayang'ana, kuwerenga manambala, kusanja zinthu, kubwereza pemphero. Akachita zimenezi nkhawa imatsikadi, koma kwa kanthawi kochepa. Zili ngati kukanda mphere: pokandapo pamakoma, koma pakapita mphindi zingapo kuyabwa kumabwerera ndipo chilonda chimakula. Ubongo umaphunzira kuti tsoka silinachitike chifukwa cha mwambo uja, choncho ganizo likabweranso, munthu amakakamizika kwambiri kuposa poyamba. Kuzungulira kumeneku, kwa ganizo, mantha, mwambo ndi mpumulo wosakhalitsa, ndiko chizindikiro chachikulu cha matendawa.

Mitundu ya zizindikiro

Zizindikiro za odwala ambiri zimagwera m'magulu anayi, ngakhale munthu mmodzi angakhale ndi angapo nthawi imodzi, kapena kusintha kuchoka pa lina kupita pa lina zaka zikamapita.

Gulu loyamba ndi kuopa uve ndi tizilombo toyambitsa matenda. Wodwala amasamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, amakhala m'bafa maola, amachapanso zovala zochapa kale, amakana kupatsana moni wa m'manja, kugwira ndalama kapena kudya chakudya chophika wina.

Lachiwiri ndi kukayikira ndi kuyang'anayang'ana. Munthu amadzuka usiku kambirimbiri kukaona ngati wazimitsa mbaula, wachotsa simbi ku magetsi kapena watseka mpopi. Woyendetsa galimoto angabwerere pamsewu umene wadutsa kukaona ngati sanagunde munthu. Mwana wasukulu angawerenge mzere umodzi mobwerezabwereza, kapena kufufuta ndi kulembanso mpaka pepala kubooka.

Lachitatu ndi kufuna kuti zinthu zilingane ndendende. Wodwala amasanja nsapato, mabuku kapena mbale mwa dongosolo lake, ndipo china chikasuntha mtima sumukhala mpaka atayambiranso. Ena amawerenga masitepe, amagwira chinthu kangapo kofanana ndi dzanja lililonse, kapena amapewa manambala ena. Katswiri wa mpira wa ku England, David Beckham, anaulula poyera mu 2006 kuti ali ndi vuto lotere, losanja zinthu m'mizere ndi ziwiriziwiri.

Lachinayi ndi maganizo oletsedwa, okhudza kupweteka ena, kugonana kapena chipembedzo. Gulu limeneli ndi lovuta kulizindikira chifukwa miyambo yake yambiri imachitikira m'mutu: kupemphera mobwereza mpaka pemphero litamveka kuti lalongosoka, kusanthula zimene zinachitika dzulo kuti atsimikize kuti sanalakwe, kapena kufafaniza ganizo loipa poganiza labwino. Ena amalapa tchimo lomwelomwelo mobwerezabwereza, ndipo ena amabwereza kusamba kodziyeretsa asanaswali poopa kuti sikunakwanire. Odwala a gulu limeneli amachita manyazi kwambiri ndipo angabise vuto lawo kwa zaka zambiri.

Zimene apabanja amaona

Popeza maganizo saoneka, abale amazindikira matendawa poona zotsatira zake. Munthu amene kale ankasunga nthawi amayamba kuchedwa ku ntchito kapena ku sukulu tsiku lililonse chifukwa kutuluka m'nyumba kwasanduka ntchito yaikulu. Sopo ndi madzi zimatha msanga. Amafunsa funso limodzimodzi kangapo, monga lakuti kodi sanakhumudwitse munthu kapena kodi sanatenge matenda, ndipo yankho limamukhazika mtima pansi kwa mphindi zochepa chabe. Amapewa mipeni, ana aang'ono, zimbudzi za anthu onse, maliro kapena mapemphero. Mwambo wake ukasokonezedwa amapsa mtima kapena kulira, n'kuyambiranso poyambirira.

Nthawi zambiri abale, chifukwa cha chifundo, amayamba kutsatira malamulo a wodwalayo: amasamba m'manja akawauza, amamukhomera zitseko, amamutsimikizira kuti zonse zili bwino. Kafukufuku wasonyeza kuti kugonjera kotereku, ngakhale kumabweretsa mtendere wa tsiku limenelo, kumalimbitsa matendawa.

Ana ndi amayi obereka kumene

Matendawa amayamba kawirikawiri munthu ali wachinyamata, pafupifupi pa zaka 19 kapena 20, ndipo si kawirikawiri kuti ayambe munthu atapitirira zaka 35. Anyamata amayamba msanga kuposa atsikana, ena asanakwanitse zaka 10. Mwana angalephere kufotokoza chimene akuopa. Makolo amangoona kuti kuvala, kugona kapena kulemba ntchito ya kusukulu kukutenga nthawi yaitali modabwitsa. Ana ena a OCD amakhalanso ndi vuto lophethira, kugwedeza mutu kapena kutulutsa timawu mosafuna.

Nthawi ya pakati ndi miyezi yoyamba mwana atabadwa ingayambitse kapena kukulitsa matendawa. Mayi amavutika ndi maganizo oti angagwetse kapena kupweteka khanda lake, ndipo chifukwa cha mantha amapewa kulisambitsa kapena kutsala nalo yekha. Zimenezi n'zosiyana ndi kusokonezeka mutu kumene kumagwira amayi ochepa atangobereka, pamene mayi amakhulupirira zinthu zosaona kapena kumva mawu a anthu amene palibe. Kusokonezeka kotere kumafuna kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Kusiyanitsa ndi zina

Ukhondo ndi dongosolo si matenda. Kusamba m'manja pochoka kuchimbudzi, kapena kusamala kwambiri pa nthawi ya kolera, ndi nzeru. Munthu waukhondo akamaliza ntchito yake amakhutira. Wodwala OCD sakhutira, ndipo sasangalala ndi zimene akuchitazo. Apa amasiyananso ndi wotchova juga kapena chidakwa, amene poyamba amakopeka ndi chisangalalo.

Nkhawa wamba imakhala ya zinthu zenizeni za moyo monga fizi, ngongole kapena matenda a m'bale, ndipo siitsagana ndi miyambo. Munthu wa khalidwe lofuna zonse zichitike mosalakwitsa amaona kuti njira yake ndiyo yolondola, pamene odwala OCD ambiri amadziwa kuti mantha awo ndi opitirira muyezo, kungoti amalephera kusiya. Amadziwanso kuti maganizowo akuchokera m'mutu mwawo momwe. M'madera amene maganizo onyoza Mulungu kapena ofuna kupweteka mwana amatengedwa ngati ziwanda kapena kulodzedwa, wodwala angazungulire nthawi yaitali asanafike kwa dokotala. Kukhala ndi ganizo loopsa sikutanthauza kuti munthu akufuna kulichita. Wodwala OCD amazunzika ndi ganizolo chifukwa likutsutsana ndi zimene iye amakhulupirira.

Kupima kwa madokotala

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula ubongo kumene kungatsimikize OCD. Dokotala amadalira kucheza ndi wodwalayo. Buku la madokotala a maganizo a ku America la DSM-5, lofalitsidwa mu 2013, limanena kuti zizindikirozi zimakhala matenda zikamadya nthawi yambiri, monga kuposa ola limodzi pa tsiku, kapena zikamasautsa munthu kwambiri ndi kusokoneza ntchito, sukulu ndi banja. Pofuna kudziwa kukula kwa vutolo, madokotala amagwiritsa ntchito mafunso khumi otchedwa Y-BOCS, amene Wayne Goodman ndi anzake anafalitsa mu 1989. Malikisi ake amayambira pa 0 kufika pa 40. Dokotala amafufuzanso matenda okhumudwa, amene amayendera limodzi ndi OCD mwa odwala ambiri, ndipo amafunsa ngati munthuyo waganizapo zodzipha.

Zoyambitsa

Matendawa alibe choyambitsa chimodzi. Amayenda m'magazi: munthu amene kholo kapena m'bale wake wa bere limodzi ali nawo amakhala pa chiopsezo chachikulu, makamaka ngati m'baleyo anayamba ali mwana. Zithunzi za ubongo zasonyeza kuti mbali za kutsogolo, pamwamba pa maso, ndi zigawo zina za mkati zimene zimathandiza munthu kuzindikira cholakwika ndi kusiya chochita, zimagwira ntchito mopitirira muyezo. Imfa, nkhanza, kubereka kapena mavuto ena aakulu angadzutse matendawa mwa munthu amene anali kale pa chiopsezo.

Mbiri ndi chithandizo

Kale ku Ulaya vutoli linkaonedwa ngati la chikumbumtima. Mlaliki wa ku England, John Bunyan, anafotokoza m'buku la mbiri ya moyo wake la 1666 mmene maganizo onyoza Mulungu ankamuzunzira. Dokotala wa ku France, Jean-Étienne Esquirol, analemba za wodwala wotere mu 1838, ndipo Pierre Janet analemba za matendawa mwatsatanetsatane mu 1903. Kwa nthawi yaitali matendawa ankaonedwa ngati osachiritsika, mpaka mu 1966 pamene Victor Meyer wa ku London anasonyeza kuti odwala amapeza bwino akamayang'anizana ndi chimene akuopa koma osachita mwambo wawo.

Njira imeneyi, imene masiku ano imatchedwa ERP, ndiyo chithandizo chachikulu. Motsogozedwa ndi katswiri, wodwala amayamba ndi zinthu zoopsa pang'ono, monga kugwira chitseko osasamba m'manja, mpaka ataphunzira kuti nkhawa imatsika yokha. Mankhwala monga fluoxetine, sertraline ndi clomipramine amathandizanso, koma amatenga milungu 8 mpaka 12 kuti mphamvu yake ioneke bwino, ndipo sayenera kusiyidwa popanda malangizo a dokotala. Popanda chithandizo matendawa amakhalitsa, nthawi zina kuchepa, nthawi zina kukula. Ku Malawi, munthu angayambire pa chipatala cha boma cha m'dera lake, kumene angamutumize ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli chipatala cha Chainama Hills mu mzinda wa Lusaka.